Safunsa anadya phula

Phala lakwathu silinkabisa kanthu. Munali mgaiwa, nsinjiro ndi kamchere, ndipo wophika ndi yemwe ankasinja. Ngakhale Likuni Phala, amene waleretsa ana ambirimbiri ku Malawi, aliyense amadziwa kuti ndi chimanga ndi soya.

Ku Marlboro, m'mphepete mwa Alexandra, mayi wa ku Mangochi wothamangira ganyu ku Sandton m'bandakucha alibe nthawi yotakasa mphika. Amagula phala lam'paketi pa spaza, n'kuthira madzi otentha, mwana n'kudya. Mayiyu sindikumudzudzula. Chimene ndikukana ndi maganizo akuti mlendo m'dziko la eni azingomeza, kufunsa n'kudzimva.

Ena amati bola mimba yakhuta, komanso boma limayang'anira. Zoonadi, kuyambira 2003 lamulo la ku South Africa limakakamiza zigayo zikuluzikulu kuthira vitamini A, ayironi, zinki ndi michere ina mu ufa wachimanga. Koma lamulo limenelo ndi la zothiramo zabwino, silitchinga shuga. Mu 2024 bungwe la ku Switzerland la Public Eye linaulula kuti Cerelac wa Nestlé wogulitsidwa ku South Africa anali ndi shuga wothira, pamene phala lofanana nalo la kampani yomweyo ku Germany ndi ku Britain linalibe. Mwana wa ku Berlin ndi wa ku Marlboro amasiyana pati? Amasiyana poti kwinako makolo amafunsa, ndipo wogulitsa amawaopa.

Taonani mmene paketi imalembedwera. Mavitamini ali kutsogolo m'zilembo zikuluzikulu. Shuga ali kumbuyo m'tizilembo tonga nyerere, m'Chingerezi, nthawi zina atavala dzina lina monga sucrose kapena glucose syrup. Ife omasulira timatanthauzira ndakatulo ndi Malemba, koma mawu amene amalowa m'mimba mwa mwana tsiku lililonse tawasiya osakhudza. Limeneli ndi manyazi athu.

Tembenuzani paketi musanalipire. Zopangira zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri kutsikira m'munsi. Shuga akakhala wachiwiri kapena wachitatu, dziwani kuti mukugula switi yotentha. Ngati Chingerezi chikukuvutani, muitaneni mwana wasukulu akuwerengereni. Nsinjiro zochokera kumudzi pa basi nazonso muzifunse, chifukwa mtedza wachuku umakhala ndi poizoni wowononga chiwindi.

Amene walipira ndi thukuta lake ali ndi ufulu wodziwa chimene chili m'mbale ya mwana wake.