Mphatso za Mzimu Woyera sizikhala m'botolo

Tiyeni tinene poyera cimene takhala tikunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Banja likolola cimanga ndi mbatatesi, ligulitsa thumba, ndipo ndalama zimene zikanagula makope a ana zithera m'manja mwa munthu wodzicha mneneri. Iye apereka kabotolo ka mafuta kapena ka madzi, nati m'menemo muli mphamvu ya Mzimu Woyera. Pamene izi zikucitika, Baibulo la banjalo lagona pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo, ndipo ciswe ndico cikuliwerenga. Ena aliika kunsi kwa mtsamiro kuti liingitse afiti, ngati kuti Mau a Mulungu ndi cithumwa. Ife tikukana zimenezi.

Malonda otere si atsopano. Mutu 8 wa Macitidwe a Atumwi usimba za Simoni wa ku Samariya, amene anaona Petulo ndi Yohane akusanjika manja pa anthu, naturutsa ndalama kuti agule mphamvuyo. Petulo anamdzudzula kolimba. Tisaiwale kuti Simoniyo anali atabatizidwa kale, monga ife. Ubatizo suletsa munthu kuganiza ngati wamalonda.

Koma cimene citiwawa koposa ndalama ndi funso limene timapita nalo kwa aneneriwo: wandilodza ndani? Ndipo dzina limaturuka ndithu. Kawirikawiri limakhala la agogo okalamba, la azakhali amasiye, la mlamu amene munakangana naye za malire a munda. Kucokera tsiku limenelo, anthu amene anadyera mbale imodzi salonjerananso, ndipo nkhalamba imwalira yokha m'kanyumba kothonya. Kodi nzeru yocokera kwa Mulungu ingabale cipatso cotere? Ku Gibeoni, pamene Mulungu anauza Solomoni m'maloto kuti apemphe cimene afuna, mfumuyo sinapemphe cuma, moyo wautali kapena imfa ya adani ake. Inapempha mtima womvera, kuti iweruze anthu molungama ndi kusiyanitsa cabwino ndi coipa. Ife tikupempha cimene Solomoni anacisiya.

Mphatso zisanu ndi ziwiri zimene tinaloweza pokonzekera sakramenti la Ulimbitso, zimene muzu wake uli m'mutu 11 wa mneneri Yesaya, tinazilandira kwaulere. Koma zimakula pang'onopang'ono ngati mtengo wa mango, mwa munthu amene amva Mau, nawasinkhasinkha, nalola kuti amdzudzule. Nkuona ambiri akonda botolo: botolo silidzudzula munthu.

Tikumva ena akuti, "Ife sitinapite kusukulu, tingawerenge bwanji?" Mau amenewa ali ndi coonadi cake, ndipo sitiwanyoza. Koma kumbukirani makolo athu m'cikhulupiriro. Pa msonkhano wa ku Beira m'caka ca 1977, Eklezia wa m'Mozambique anasankha kuika mizu yake m'magulu ang'onoang'ono a akhristu, otsogozedwa ndi akhristu eni ake. Nkhondo itakula, midzi yambiri inakhala zaka osaona wansembe, ndipo ambiri anathawira ku Malawi kufikira mtendere wa 1992 utabwera. Cinasunga cikhulupiriro cao nciani? Katekista mmodzi ankawerenga pansi pa mtengo, ena onse namvetsera. Ambiri a iwo sankadziwa ngakhale kulemba dzina lao. Lero pafupifupi mudzi uli wonse uli ndi mwana wodziwa kuwerenga, ndiye tinene kuti tasowa ciani?

Madzulo ano, nsima ikatha, turutsani bukulo m'sutikesi, mulikunthe fumbi. Mwana awerenge mutu 3 wa Buku Loyamba la Mafumu, kuyambira ndime 4 mpaka 15, agogo akhale pafupi kuti amve bwino. Pamene pavuta, musathamangire kwa mneneri. Sungani funsolo, mudzabwere nalo ku msonkhano wa gulu lanu sabata ino.