Chiwindi Sichilira: Tiyezetse Magazi Nthawi Ikadalipo

Pakati pathu, munthu akanenepa timati zinthu zikumuyendera. Koma mafuta amene timawaona pamimba amaunjikananso m'chiwindi, ngakhale cha munthu amene sanalawepo mowa. Padziko lonse, mmodzi mwa akuluakulu atatu kapena anayi alionse ali ndi mafuta m'chiwindi, makamaka onenepa ndi odwala shuga.

Vutoli silili kutali nafe. Kafukufuku amene anachitika ku Karonga ndi ku Lilongwe kuyambira 2013 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali olemera kupyola muyeso, pamene kumudzi anali 27. Mzuzu ndi tauni imene ikukula msanga. Tchipisi, mandasi ndi zakumwa zotsekemera zili paliponse, ndipo ulendo wa ku Katoto kapena ku Chibavi umene kale tinkayenda pansi, lero tikukwera kabaza.

Choopsa n'chakuti chiwindi sichimva kuwawa msanga. Mafuta amachitupitsa pang'onopang'ono, kenaka chimachita zipsera ndi kuuma. Pamene maso achita chikasu ndipo m'mimba mwadzaza madzi, nthawi imakhala itatha.

Magazi ndiwo angatichenjeze. Chiwindi chikamavulala chimatulutsira m'magazi zinthu ziwiri zotchedwa ALT ndi AST. Chikayamba kuuma, tizigawo toundanitsa magazi, totchedwa platelets, timachepa. ALT payokha ingathe kunamiza, pakuti ena odwala imaoneka yabwino. N'chifukwa chake madokotala amaphatikiza zinthu zitatuzi ndi zaka za munthu m'chiwerengero chotchedwa FIB-4, chimene chinayamba mu 2006. Chikakhala pansi pa 1.3, kawirikawiri chiwindi sichinaume, chikapyola 2.67, munthuyo ayenera kupimidwa mozama.

Maganizo anga ndi akuti munthu aliyense wobwera ku kiliniki ya shuga kapena ya kuthamanga kwa magazi, kaya pa Mzuzu Central Hospital kapena kwina, ayezedwe magaziwa. Ena adzati mankhwala oyezera ndi odula, ndipo malungo ndi chifuwa chachikulu zikutidikira. Zoona. Koma sitikunena zoyeza mzinda wonse, komanso FIB-4 safuna makina atsopano: ndi masamu chabe pa zotsatira zimene labotale ya chipatala chachikulu imatulutsa kale. Kugoneka munthu wouma chiwindi m'chipatala kumadya ndalama zambiri koposa.

Matendawa akapezeka msanga amabwerera. Munthu wa makilogalamu 90 akachepetsa 7 mpaka 9, mafuta ndi kutupa zimachepa kwambiri. Chepetsani shuga mu tiyi ndi zokazinga, onjezerani ndiwo zamasamba, nyemba ndi usipa, idyani nsima ya mgaiwa, lekani mowa, ndipo yendani mphindi 30 patsiku.

Bambo ndi mayi, mukapita kukatenga mankhwala a shuga, funsani za chiwindi chanu. Paja mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi.