MZERE WA KU NYUMBA YA CINDERELLA SUNATHE, UNANGOBISIKA

Tsiku liri lonse, nthawi isanakwane 6 koloko m'mawa ku Florida, m'dziko la America, kuli makolo amene amakhala atadzuka kale, foni iri m'manja, maso ali pa koloko. Kwa iwo okhala ku California, kumadzulo kwa dzikolo, nthawiyo imakhala 3 koloko usiku. Cimene cimawadzutsa ndi thebulo: malo akuti banja likadyepo cakudya ku Walt Disney World patapita masiku 60. Nthawi ikakwana, buku losungitsira malo la pa intaneti limatseguka, ndipo m'nyumba zodyeramo zochuka koposa nthawi zabwino zimatha m'kanthawi kocepa. Kholo limene lagona mopitirira liyenera kukauza mwana wace kuti kwa Cinderella sakalowako.

Walt Disney World inatsegulidwa pa 1 Okutobala 1971 pafupi ndi mzinda wa Orlando. Ndi dera lalikulu la zosangalatsa lokhala ndi mapaki anai ndi mahotela ambiri. Paki yoyamba ndiponso yochuka koposa ndiyo Magic Kingdom, imene mu 2023 inalandira alendo oposa 17 miliyoni, ndiko kunena kuti anthu pafupi-fupi 48,000 pa tsiku. Pakati pace paima nyumba yacifumu ya Cinderella, yotalika mamita 57, ndipo m'cipinda ca pamwamba muli malo odyera ochedwa Cinderella's Royal Table. Kufikira caka ca 1997 malowa anali ndi dzina lakuti King Stefan's Banquet Hall, ngakhale kuti m'nthano za Disney mfumu Stefan ndi atate wa msungwana wina, Aurora wa m'filimu ya Sleeping Beauty. Dzina losokerali linakhala pa khomo zaka zoposa 25, koma silinabweze munthu ndi mmodzi yemwe.

Silinabweze munthu cifukwa anthu sapitirako nyama kapena supu. Amalimbanira kuti mwana akhale m'kati mwa linga limene analiona pa filimu, ndi kuti asungwana obvala monga ana a mafumu abwere pa thebulo kudzampatsa moni ndi kujambulitsa naye. Mtengo wonse wa cakudyaco umalipiridwa pa tsiku losungitsa malo. Anthu amalimbaniranso malo ku Be Our Guest, nyumba yodyeramo imene inatsegulidwa mu 2012 motsanzira linga la m'filimu ya 1991 ya Beauty and the Beast, ndi ku Space 220 m'paki ya EPCOT, imene kuyambira 2021 imaonetsa odya ngati kuti ali mlenga-lenga, mamailosi 220 pamwamba pa dziko. Dzina lakuti Be Our Guest litanthauza kuti "khalani mlendo wathu". Ambiri amene amafika pa khomo lace opanda malo osungitsa amabwerera asanaone m'kati.

Pa kucepa kwa malo palibe wom'dzudzula. Be Our Guest inamangidwa ndi mipando yoposa 500. Mpando uli wonse ukanakhalidwa kasanu ndi kamodzi pa tsiku, odya akanakhala 3,000, munthu mmodzi mwa anthu 16 olowa m'paki. M'linga la Cinderella cipinda ndi cacing'ono kuposa pamenepo. Akulu akale anati cakudya sicicepa, cicepa ndi cobvala. Ku Magic Kingdom cakudya sicicepadi, pakuti malo ogulitsa capamanja ali ponse-ponse; cocepa ndi mpando. Tsono pamene cinthu ciri cocepa, mlandu umakhala pa kagawidwe kace, ndipo apa ndi pamene kampani ya Disney iyenera kufunsidwa.

Lamulo lace liri motere. Munthu ali yense angathe kusungitsa thebulo kutatsala masiku 60. Koma mlendo wogona m'hotela ya Disney, pamene atsala masiku 60 kuti afike, amaloledwa kusungitsa malo a masiku onse a ulendo wace kufikira masiku 10. Motero thebulo la tsiku lace lotsiriza amalitenga kutatsala masiku pafupi-fupi 70. Banja limene lidzagona m'hotela yochipa ya kunja, ku Kissimmee kapena kwa abale, limadzuka nthawi yomweyo, limadina foni pa mphindi yoyenera, koma limapeza kuti mathebulo a tsiku lao akhala ali kutengedwa ndi ena kwa sabata yathunthu ndi masiku ena pamwamba. Ngakhale pakati pa ogona m'mahotela a Disney palibe kufanana: wa masiku 10 amatsogola wa masiku 3. Kampaniyo siibisa zimenezi ai. Imazilengeza monga phindu logona m'mahotela ace. Koma tanthauzo lace ndi lakuti mtengo weni-weni wa thebulo suli pa pepala la zakudya pokha. Mbali yace ina iri pa bilu ya hotela.

Mzere wakale woimirira pa khomo unali ndi zowawa zace: dzuwa la ku Florida, miyendo kutupa, ana kulira. Unali ndi ubwino umodzi waukulu. Munthu ali yense anali kuona amene ali patsogolo pace, ndipo wolowerera pakati anali kubwezedwa ndi mapokoso a anzace. Mzere wa lero umayamba miyezi iwiri munthu asanafike, umaimidwa usiku m'zipinda zogona, ndipo palibe amene amaona mnzace. Wogonja sadziwa kuti wagonja kwa yani, kapena cifukwa ninji. Amangoona mau pa foni akuti malo palibe, nayamba kudziimba mlandu kuti zala zace zinacedwa.

Zinthu zinali zoipa kuposa apa. Kwa zaka zambiri, kufikira 2020, buku linali kutseguka kutatsala masiku 180, theka la caka. Kodi ndi mai uti amene adziwa mu Januwale cimene mwana wace wa zaka zinai adzafuna kudya, ndi nthawi yanji, pa tsiku lina la mu Julaye? Mliri wa Covid-19 unatseketsa mapaki pakati pa mwezi wa Marici 2020, ndipo Magic Kingdom itatsegulidwanso pa 11 Julaye caka comweco, nthawiyo inatsitsidwa kukhala masiku 60. Kusinthaku kunali kwabwino, ndipo kampani inacita bwino kusabwerera ku 180.

Inacitanso bwino pa nkhani ya osunga malo osabwera. Kale munthu anali kutha kugwira mathebulo angapo, nasankha limodzi pa tsikulo, ena aja kungowasiya opanda anthu pamene mabanja ali kubwezedwa panja. Mu 2011 kampani inayamba kufuna khadi la ku banki posungitsa malo m'nyumba zodyeramo zina, ndi faindi ya madola 10 pa munthu ali yense wosabwera, ndipo mu 2013 lamuloli linafalikira ku zonse zokhala ndi operekera cakudya. Palibe munthu wanzeru angatsutse zimenezo. Komabe umbombo sunathe, unangosintha nthawi. Popeza kubweza thebulo nthawi isanathe kulibe faindi, wocenjera amagwira ambiri, pa masiku osiyana kapena m'maina a abale, nawataya pamene tsiku layandikira. Ndico cifukwa cace mathebulo amene "anatha" miyezi iwiri yapitayo amatulukiranso usiku wa dzulo lace. Wozolowera adziwa zimenezi ndipo amayang'ana pa foni kawiri-kawiri. Wobwera koyamba anataya kale mtima.

Pamene pali kucepa ndi mdima, amalonda sacedwa kufika. Pali makampani ang'ono amene, munthu akawalipira, makina ao amalondera buku la Disney usana ndi usiku ndi kutumiza uthenga thebulo likapezeka. Mu 2015 kunamveka za ena amene anapitirira pamenepo: anali kusungitsa mathebulo m'maina abodza ndi kuwagulitsa pa madola pafupi-fupi 15. Disney inawaletsa caka comweco. Bvutoli siliri la ku Orlando kokha. Mu Disembala 2024 bwanamkubwa wa New York, Kathy Hochul, anasaina lamulo loletsa kugulitsa malo a m'nyumba yodyeramo popanda cilolezo ca mwini wace. Lamulolo ndi loyenera. Koma pali cinthu cimene lamulo lotere silikhudza: wamalonda wamseri akagulitsa mutu wa mzere amachedwa wakuba, pamene mwini nyumba akaugulitsa pamodzi ndi cipinda ca hotela amati ndi mphatso kwa alendo.

Njira ya kampaniyi iri kuonekeranso pa mizere ya zokwera. Mu 1999 inayambitsa FastPass, tikiti yaulere yopatsa munthu nthawi yobwerera ku cokwera popanda kuima nthawi yaitali. Mu 2021 njira yaulereyo inalowedwa m'malo ndi yolipira. Pa tsiku lotsegulira mu 1971 wamkulu anali kulowa pa cipata ndi madola 3.50, zokwera nkulipira padera. Mu 2015 tikiti ya tsiku limodzi ya Magic Kingdom inadutsa madola 100 kwa nthawi yoyamba. Munthu amene walipira ndalama zoterezi, kaya ndi ana atatu, ali ndi cifukwa coyembekezera kuti zitseko za m'kati zimutsegukire mofanana ndi mnzace.

Otsutsa ali ndi mau, ndipo ena mwa mau ao ndi oona. Ati Disney ndi kampani ya malonda, siiri cipatala kapena sukulu, ndipo palibe mwana anafapo cifukwa cosadya ndi Cinderella. Ati ophika ayenera kudziwiratu ciwerengero ca odya. Atinso banja locokera kutali, kapena loyenda ndi nkhalamba kapena mwana wolumala, limapumula mtima likadziwa kuti pa ola lakuti pali mpando. Zonsezi ziri conco, ndipo ndico cifukwa cace kusungitsa malo sikuyenera kuthetsedwa. Ndiponso pali malo ena amene sadandaulitsa munthu. Club 33 ya ku Disneyland ku California, imene inatsegulidwa mu 1967, ndi ya mamembala okha. Victoria & Albert's, m'hotela ya Grand Floridian, siilandira ana osakwana zaka 10, ndipo mu 2024 inapatsidwa nyenyezi ya Michelin. Malo amenewa ndi a olemera ndipo sanamiza ali yense. Mwana wa woyendetsa basi salota za iwo.

Linga la Cinderella ndi losiyana. Ndilo liri pa zithunzi zoitanira alendo, ndilo mwana amaliona akangolowa pa cipata, kumapeto kwa mseu waukulu wa pakiyo. Kampani imene yaononga zaka zambiri kuphunzitsa ana kulilakalaka siingathe kunena kuti kulowamo ndi nkhani yacabe. Ndipo amene amaluza kawiri-kawiri ndi uja amene zimampweteka koposa: banja limene lasunga ndalama zaka zingapo kuti lipite kamodzi kokha, losadziwa za masiku 60, za 6 koloko, kapena za mathebulo obwerera usiku. Wobwera caka ndi caka, amene waliona kale linga m'kati kasanu, ndiye adziwa njira zonse zolowera kacisanu ndi cimodzi.

Cofunika kucita sicobvuta. M'nyumba zodyeramo zocepa zimene zimalimbanidwa koposa m'kati mwa mapaki, gawo la mathebulo, kaya limodzi mwa magawo atatu, lisamatulutsidwe kufikira m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo liziperekedwa kwa iwo okha amene alowa kale pa cipata, woyamba kupempha nakhala woyamba kulandira. Kuyambira 2020 pulogalamu ya pa foni ya kampaniyo iri ndi mndandanda wa odikira pa khomo, koma mndandandawo umadalira zotsala, ndipo pa malo ochuka umadzaza msanga. Zotsala ndi gawo loikidwa dala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Masiku 10 oonjezera a ogona m'hotela angathe kukhalabe pa nyumba zodyeramo za m'mahotelawo, kumene ali ndi cifukwa comveka, koma acotsedwe pa linga. Ndipo ali yense wogula tikiti auzidwe pomwepo, m'mau akulu, tsiku ndi ola limene buku lidzatseguka.

Wonena kuti zimenezi sizitheka akumbukire za caka ca 1982. Pamene EPCOT inatsegulidwa, mlendo wofuna thebulo anali kupita m'mawa ku makina ochedwa WorldKey, pafupi ndi polowera, nalankhula maso ndi maso pa wailesi ya kanema ndi wanchito amene anali kumlembera malo a tsiku lomwelo. Anthu anali kuthamangirako cipata cikatseguka, ndipo mzere unalipo, koma unali poyera, ndipo onse oimapo anali atalipira pa cipata cimodzi m'mawa womwewo. Makina amene anali kugwira nchitoyo amaposedwa kutali ndi foni imene kholo lija ligwira m'manja 3 koloko usiku.