Jakisoni wa nyamakazi asakhale wa olemera okha

Pali nyamakazi ya ukalamba, yobwera mafupa akaperepeseka, ndiye pali ina imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, imene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwiniwake n'kuyamba kudya molumikizirana mafupa. Zala zimatupa manja onse awiri, m'mawa zimauma gwa kwa ola lathunthu, mayi n'kulephera kumanga chitenje kapena kugwira mthiko. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu 18 miliyoni padziko lapansi anali ndi nthendayi, ndipo 7 mwa 10 alionse anali akazi. Kwathu kuno ambiri amangodalira diclofenac ndi brufen, amene amaziziritsa ululu pomwe mafupa akudyekabe. Chala chikapindika sichiwongokanso.

Mankhwala oyamba oletsa kudyekaku ndi methotrexate, womwa kapena kubaya kamodzi pa sabata, ndipo si wokwera mtengo. Koma alipo odwala amene sawathandiza mokwanira, ndipo amenewa ndiwo ofunika jakisoni monga adalimumab. Jakisoniyu amatsekereza TNF, puloteni imene imasonkhezera kutupa, ndipo amabayidwa pansi pa khungu, pantchafu kapena pamimba, kamodzi pa masabata awiri. Amathandizanso pa nthenda yapakhungu ya psoriasis, pa nthenda yotupitsa matumbo ya Crohn ndi pa nyamakazi youmitsa msana. Mu 2019 WHO inamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. N'chifukwa chake ndikuti Unduna wa Zaumoyo uyambe kumugula, ngakhale pang'ono chabe, kuti azipezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central.

Ena ati dziko limene likulimbanabe ndi malungo lingathe bwanji mankhwala odula chonchi. Nkhawayi si yopanda maziko. Humira, adalimumab wa kampani ya AbbVie amene anavomerezedwa ku America mu 2002, anabweretsa ndalama zoposa madola 20 biliyoni mu 2022 mokha, ndipo mtengo wake sunapangidwire mlimi wa ku Ntchisi. Komabe zinthu zinasintha. Mu 2014 kampani ya Zydus Cadila ya ku India inatulutsa wofanana naye pa mtengo wotsika kasanu, ena otere analowa msika wa ku Ulaya mu 2018, wa ku America mu 2023. Njira imeneyi Amalawi tikuidziwa. Ma ARV ankagulidwa madola oposa 10,000 pa munthu pachaka kufikira kampani ya Cipla itawatsitsira ku madola 350 mu 2001, ndipo pofika 2004 boma linayamba kuwagawa mwaulere. Tisaiwalenso kuti kusagula nako kuli ndi mtengo wake: mphunzitsi wosiya choko, telala wotseka makina, mwana wosiya sukulu kuti azisamalira mayi ake.

Chotsutsa cholemera kwenikweni ndi chifuwa chachikulu. TNF yemweyo ndiye amathandiza thupi kutsekera tizilombo ta TB tobisala, choncho akaletsedwa tizilomboto tingadzuke, ndipo m'dziko limene TB ndi HIV n'zochuluka ngoziyi ndi yeniyeni. Aliyense wogulitsa jakisoniyu popanda kuyeza wodwala akuseweretsa moyo wa munthu. Koma yankho lake ndi kuyeza, osati kumana anthu mankhwala. Wodwala ayezedwe TB, HIV ndi hepatitis B asanayambe, alandire mankhwala oteteza ku TB ngati akufunika, ndipo aziunikidwa pafupipafupi. Pa ntchito ya TB tili ndi anthu odziwa, makina a GeneXpert ndi mankhwala oteteza amene akuperekedwa kale kwa anthu amene ali ndi HIV. Nkhani yoti jakisoniyu asungidwe mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8 siyondidetsa nkhawa kwambiri, pakuti katemera wa ana amafika kumidzi ali wozizira bwinobwino, ndipo kumene magetsi savuta wodwala angadzibaye kunyumba, kwina azibayitsa kuchipatala.

Jakisoni sangapindule kanthu wodwala akafika zala zitapindika kale. Makiliniko ofisala a m'maboma aphunzitsidwe kuzindikira nthendayi m'miyezi yoyambirira, ndipo Central Medical Stores Trust ionetsetse kuti methotrexate ndi folic acid woperekedwa limodzi naye sakutha m'mafamase. Zikatero, ofunika jakisoni adzakhala ochepa oti dziko lingawakwanitse.