Zikomo, amisiri osalaza akalilole a ku Arizona

Kwa amisiri a pa Richard F. Caris Mirror Lab, Yunivesite ya Arizona, Tucson.

Simundidziwa, koma ndati ndikuthokozeni poyera. Ndine mmodzi wa anthu amene adayesapo kudzipangira kalilole wa telesikopu ndi manja. Wanga adali wa masentimita 15 okha. Madzulo alionse ndinkazungulira mgolo, uku ndikukwecha galasi pa phula lopakidwa ufa wa cerium oxide wonyowetsa. Tsiku loyeza ndidapeza m'mphepete monse mutadyeka. Madzi akatayika sawoleka. Galasi lomwe lachoka silibwerera, motero ndidayenera kutsitsa nkhope yonse kuti ifanane ndi pamene ndidalakwitsa.

Kuwerenga za ntchito yanu ndi kumene kudandionetsa chomwe chidachitika. Mu 1927, Frank Preston adalemba lamulo lake: galasi limadyeka molingana ndi mphamvu yotsindikira, liwiro la chokwechera, ndi nthawi imene chakhala pamalopo, kuchulukitsa ndi nambala yodalira mtundu wa galasi ndi ufa. Iye ankaganiza za magalasi afulati. Pa galasi lolowa m'kati ngati mbale, lomwe kupindika kwake sikofanana paliponse, zinthu zimavuta, chifukwa chokwechera chimagwira bwino apa, chikasuntha n'kutsamira mbali imodzi. Chikatulukira kunja kwa mphepete, kulemera konse kumagwera pa kachigawo kotsalako, ndipo pamenepo pamadyeka msanga. Ndi momwe wanga adaonongekera.

Inu vuto lomwelo mukulimbana nalo pa akalilole 7 a Giant Magellan Telescope, imene ikumangidwa ku Las Campanas m'dziko la Chile. Aliyense ndi wa mamita 8.4 mulifupi, ndipo 6 mwa iwo adzakhala cham'mbali, choncho kupindika kwawo n'kosiyana mbali ndi mbali. Mudapanga chokwechera chimene kompyuta imachipinda chikuyenda, kuti chizigona bwino paliponse chafika. Mumayeza nkhope ndi kuwala, n'kujambula mapu a timitunda totsala, kompyuta n'kuwerengera kuti pano chichedwe, apo chidutse msanga. Mukatha mumayezanso. Zikasiyana ndi zomwe masamu adalosera, mumakonza masamuwo musanakhudzenso galasi.

Kalilole woyamba mudamuumba mu 2005 m'ng'anjo yozungulira, pansi pa bwalo la mpira la yunivesite yanu, ndipo mudamaliza kumusalaza mu 2012. Zolakwika zotsala pankhope pake n'zochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi mutaligawa ka 1,000. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu.

Ndikuthokozaninso posakhulupirira muyeso umodzi. Kalilole wa Hubble, wa mamita 2.4, adasalazidwa mwaluso koma motsatira choyezera cholakwika. Adapita mumlengalenga mu 1990 m'mphepete mwake mutatsika ndi mamaikiromita pafupifupi 2, ndipo zithunzi zidakhala zosaoneka bwino mpaka akatswiri adakakonza mu Disembala 1993. Inu kalilole aliyense mumamuyeza m'njira zingapo zosadalirana.

Chimene ndaphunzira kwa inu n'chakuti dzanja lisayambe mutu usanawerengere. Kalilole wanga wachiwiri ndidamukwecha mwapang'onopang'ono, ndikuyeza kawirikawiri, ndipo lero ndimaonera naye mphete za Saturn. Chonde, musaleke kulemba zomwe mukupeza, zolakwika zomwe, chifukwa tilipo ambiri amene timaphunzirira pamenepo.

Ine wanu,
Wokonda kuyang'ana kuthambo