Yambani Mwayeza Magetsi

Mtima wanga umawawa ndikaona mnyamata, amene wasintha Famicom ya 1983, makina a masewera a pa kanema, kuti ionetse zithunzi pa kanema wamakono, akuimba mlandu mawaya amene walumikiza, chikhalirecho chilema chagona pakhomo polowera magetsi. Pakuti adaputala ya ku Japan inapangidwira mavolti 100, pamene athu kuno ndi 230. Ndipo adaputala ya NES, makina a masewera a ku America, ingakhale ilowa bwino pabowo, imatulutsa AC, koma Famicom imafuna DC, negetivu ili pakati. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amisiri inu, ndikupemphani, musanamasule kanthu kena, ikani mita pa mwendo wotulutsa wa 7805, kachipangizo kowongolera magetsi mu Famicom, muone ngati mavolti 5 alipo.