Za M'madzi: Mlendo wa m'galasi asaone mtsinje

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu ndi woona pa anthu, koma pa nsomba uli ndi malire, pakuti pali alendo ena amene akangolowa mumtsinje sachokamonso. Mwezi uno tikambe za mlendo mmodzi wa m'madzi, poti m'masukulu, m'maofesi a mabungwe ndi m'makomo ena muli mathanki a galasi owetera nsomba zokongoletsa, ndipo alangizi ayenera kukhala ndi yankho akafunsidwa za kasamalidwe kake.

Nsomba yake ndi imene ogulitsa amaitcha whiptail catfish, kutanthauza mlamba wa mchira wonga chikoti. Kwawo ndi m'mitsinje ya ku South America, monga Amazon ndi Paraguay. Ngakhale ili ndi dzina la mlamba, imasiyana kwambiri ndi mlamba wathu wa m'madambo kapena kampango wa m'nyanja. Thupi lake ndi lowonda, looneka ngati mchenga, ndipo ndi lokutidwa ndi zikamba zolimba m'malo mwa khungu loterera. Pakamwa pake pali kunsi, ndipo imakakamira napo pa miyala ndi pa zitsa. Mitundu yofala, ya m'gulu la Rineloricaria, imatalika masentimita 10 mpaka 13 basi. Choncho si ndiwo, ndipo siyenera kuikidwa m'dziwe la makumba kapena chilunguni.

Chimene imakondedwera ndi kufatsa kwake. Siluma inzake, sithamangitsa ina iliyonse, ndipo masana imangogona pamchenga ngati kamtengo kouma. Kufatsa komweku ndi kumene kumaiphetsa ikaikidwa pamodzi ndi nsomba zina mosaganizira.

Choyamba ndi kusankha anansi. Imakhala bwino ndi tinsomba tating'ono tofatsa monga tetra ndi corydoras, timenenso kwawo n'komweko. Ambiri kuno amafuna kuiphatikiza ndi mbuna, nsomba zokongola za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi. Kutero n'kulakwa pa zifukwa ziwiri. Mbuna zimateteza malo awo mwaukali ndipo zimajompha nsomba yosadziwa kuthawa. Komanso madzi ake ndi osiyana. Alimi a maiwe amadziwa muyeso wa kuwawasa kwa madzi wotchedwa pH: m'nyanja ya Malawi umakhala cha pa 8, pamene mlendoyu amafuna wa pakati pa 6 ndi 7.5.

Chachiwiri ndi malo ake. Thanki ikhale ya malita 80 kapena kuposerapo, yotambalala pansi, chifukwa nsombayi moyo wake wonse uli pansi. Yalani mchenga wosalala, osati timiyala takuthwa timene timaicheka pamimba ndi pamilomo. Ikanimo chitsa ndi timapaipi ta pulasitiki kapena mfundo za nsungwi kuti izibisalamo. Madzi afunde pakati pa madigiri 22 ndi 27, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi lizisinthidwa sabata iliyonse. Madzi a pampopi ayambe achotsedwa klorini. Popeza ndi nsomba ya m'madzi oyenda, imafuna mpweya wambiri, kotero kumene magetsi amazimazima ndi bwino kusunga kapampu ka mpweya koyendera mabatire.

Chachitatu ndi chakudya, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya nsomba zawo. Ogulitsa ena amaitcha yosesa thanki, wogula n'kuganiza kuti izikhuta ndere ndi zotsalira. Zoona zake n'zakuti nsomba zaliwiro zimatha chakudya chisanafike pansi, yofatsayo n'kumawonda mwakachetechete. Ipatseni chakudya chomira madzulo nyale zitazimitsidwa, muonjezere kachidutswa ka nkhaka kapena nsawawa zofutsa zosenda, ndipo m'mawa muchotse zotsala zisanaole. Ikakakamira pagalasi yang'anani mimba yake: ikalowa m'kati, ndiye kuti njala yaipweteka.

Ikasamalidwa bwino imaswana, ndipo ana asukulu angaphunzirepo zambiri. Yaikazi imaikira mazira m'kati mwa paipi n'kuchoka. Yaimuna, imene imadziwika ndi timinga tonga ndevu m'masaya, ndiyo imakhalira mazirawo, kuwapepesera madzi ndi zipsepse ndi kuwayeretsa kwa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono mpaka aswe.

Kuswana kumeneku n'kumene kukutibweretsa pa chenjezo. Nsomba zikachuluka, kapena mwini wake akatopa nazo, mtima wachifundo umati kazitaye mumtsinje. Chifundochi chavulaza anthu m'maiko ena. Abale aakulu a nsombayi, a m'gulu la Pterygoplichthys, amene amagulitsidwa ndi dzina la pleco, adalowa m'damu la Infiernillo ku Mexico m'zaka za m'ma 1990. Adaswana mpaka asodzi amene ankadalira nsomba zonga chambo adayamba kuvuula maukonde odzaza ndi nsomba zaminga zosagulika, zong'amba maukondewo. Nsomba za gulu lomweli zidakhazikikanso mumtsinje wa Nseleni, kufupi ndi Richards Bay ku South Africa. Zimakumba maenje m'magombe, ndipo zikamba zake zimalepheretsa adani ambiri kuzidya.

Amene adawononga kumeneko ndi abale ake, osati whiptail yeniyeniyo, koma madzi athu ndi ofunda ngati a kwawo, ndipo mtsinje si malo oyeserapo. Phunziro tili nalo kale pakhomo. Namasupuni naye adachokera ku South America ndipo adafalitsidwa chifukwa cha duwa lake lokongola. Zimene adachita mumtsinje wa Shire, mu Kafue ku Zambia ndi m'nyanja ya Chivero ku Zimbabwe, asodzi ndi opanga magetsi akuzidziwa. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse, n'chifukwa chake mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika paki yake m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Chuma chotere chikawonongeka sichigulidwa kwina.

Alangizi ndi alimi anzathu, uthenga woti tipereke ndi uwu. Musanagule kapena kulowetsa m'dziko nsomba yachilendo, funsani ku ofesi ya za usodzi. Madzi a m'thanki athiridwe m'munda, osati m'ngalande yopita kumtsinje. Nsomba zikakukwanani, perekani kwa woweta mnzanu kapena zibwezeni kwa wogulitsa. Mlendoyu timudyetse, timusankhire anansi abwino, koma akhale m'galasi momwemo.

Tidzakumanenso mwezi wamawa.